Mavuto a ma effect pojambula nyimbo pakhomo: gwero lake ndi mankhwala ake

Ku Vila Ulónguè, ku Dómuè, ku Tsangano ndi m'midzi ya m'malire a Dedza ndi Ntcheu, nyimbo zambiri za makwaya ndi za achinyamata zikujambulidwa m'nyumba, pa laputopu kapena pa foni. Maikolofoni ndi mahedifoni zimagulidwa ndi ndalama za mbatatesi, soya kapena fodya, ndipo oimba amasiya ntchito ya kumunda kuti akajambule. Zimawawa ngati pambuyo pa zonsezi nyimbo ituluka yosweka mawu, yodzaza phokoso, kapena yoti womvera sangatolemo liwu ndi limodzi lomwe.

Oyamba kumene ntchitoyi amakonda kuloza chala pulogalamu kapena effect imene aika. Koma mavuto ambiri amakhala atalowa kale effect isanaikidwe, kudzera m'chipinda, m'mawaya, m'magetsi kapena m'kakwezedwe ka maikolofoni. M'mera mpoyamba. Feteleza sadzutsa mbewu yofumbwa, ndipo effect siikonza mawu amene anajambulidwa molakwika.

Kodi effect n'chiyani

Effect ndi kachipangizo ka mu pulogalamu kamene kamasintha kamvekedwe ka mawu kapena ka chida choimbira. Amene amagwira ntchito kawirikawiri ndi awa. EQ imakweza kapena kutsitsa mbali ina ya mawu, monga kunenepa kwa besi kapena kuthwa kwa mawu a pamwamba. Compressor imatsitsa malo ofuula kuti asatalikirane kwambiri ndi malo onong'ona. Reverb imachititsa mawu kumveka ngati akuimbidwa m'chipinda chachikulu kapena m'tchalitchi. Delay imabwereza mawu monga momwe phiri limayankhira munthu akakuwa. Noise Reduction imachepetsa phokoso losalekeza. Auto-Tune ndi anzake amakokera mawu a woimba pa noti yoyenera. Effect yochokera kunja, imene munthu amachita kuiwonjezera mu pulogalamu, imatchedwa plugin. Ambiri mwa ma plugin ndi a mtundu wa VST, umene kampani ya Steinberg ya ku Germany inayambitsa mu 1996.

Mapulogalamu odziwika ndi Audacity, yaulere, imene inatuluka koyamba mu 2000. FL Studio ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium. Cubase ya Steinberg. Ndi BandLab, imene imagwira pa foni. Makompyuta ambiri ogulidwa m'Mozambique muno ali m'Chipwitikizi, pamene ochokera ku Malawi ali m'Chingerezi. Motero amene waphunzitsidwa ndi mnzake wa tsidya lina adziwe kuti Effects ndi Efeitos, Noise Reduction ndi Redução de Ruído, Undo ndi Desfazer, ndipo Export ndi Exportar. Mayina ndiwo osiyana, ntchito ndi imodzi.

Choyamba kuchita vuto likaoneka

Njira yake ndi imodzi pa pulogalamu iliyonse. Wojambula azimitse ma effect onse, asankhe track imodzi yokha, ndiye kuti mzere umodzi wa mawu kapena wa chida, n'kumvetsera. Ngati vuto likumvekabe, linalowa pojambula, ndipo mankhwala ake ndi kukonza chipinda, waya kapena gain n'kujambulanso. Ngati vuto lasowa, ayatse ma effect aja imodziimodzi, akumvetsera pa iliyonse. Imene vuto labwerera nayo ndiyo yolakwa.

Asinthe chinthu chimodzi pa nthawi. Wopotokola mabatani atatu nthawi imodzi sadziwa limene lathandiza ndi limene laononga. Ndi bwinonso kusunga kope la mawu osakhudzidwa asanayambe china chilichonse, makamaka mu Audacity, m'mene ma effect a pa mndandanda wa Effects amasinthiratu mawu enieniwo. Ctrl ndi Z zimabweza zimene zachitika, koma pulojekiti ikatsekedwa mwayi wobwezawo umatha. Kuyambira pa Audacity 3.2 ya mu 2022 muli njira ina yoikira effect pa track popanda kusintha mawu ojambulidwa, ndipo imeneyo ndiyo yabwino kwa wophunzira.

Effect yaikidwa koma palibe chasintha

Mu FL Studio chifukwa chake nthawi zambiri n'chakuti mawu sakudutsa pamene effect yaikidwa. Channel iliyonse iyenera kupatsidwa nambala ya Insert ya mu Mixer. Ikapanda kupatsidwa imapita molunjika ku Master, n'kulambalala reverb imene yakhala pa Insert ina. Nambala ikakhala yolondola, ayang'ane kanyali ka pambali pa effect ngati kayaka, komanso kabatani kosakanizira ngati sikanatsitsidwe mpaka pansi. Mu Audacity, effect imagwira pa chigawo chokhacho chimene chasankhidwa. Ctrl ndi A zimasankha zonse.

Plugin ikakana kuoneka pa mndandanda, mwina yaikidwa mu foda imene pulogalamu siiyang'anamo, ndipo ifunika kuilozera n'kuiuza ifufuzenso. Mwina plugin ndi ya 32-bit pamene pulogalamu ndi ya 64-bit. Cubase inasiya kulandira ma plugin a 32-bit kuyambira pa Cubase 9. Ma plugin ena oyeserera amadula mawu kapena kuponyamo phokoso mwadala pakapita kanthawi, kuti munthu agule. Ena okopedwa pa ma flash ongopatsana amabwera ndi mavairasi ndipo amagwetsa pulogalamu. Ma effect obwera ndi pulogalamu yomwe, monga Fruity Parametric EQ 2, Fruity Reeverb 2 ndi Fruity Limiter, ndi okwanira kumaliza nyimbo yabwino.

Mawu akusweka woimba akakweza

Kompyuta ili ndi denga limene mawu sangapyole, lolembedwa 0 dB pa mita. Mawu akagunda dengalo nsonga zake zimadulidwa, mita imafiira, ndipo khutu limamva kuthetheka ngati sipika yong'ambika. Zikachitika pojambula, palibe effect imene ingabwezeretse bwinobwino chimene chadulidwa. Kutsitsa voliyumu pambuyo pake kumangochepetsa kufuula, kusweka kumatsala.

Woimba ayambe waimba chigawo chimene amafuula kwambiri, wojambula n'kutsitsa gain mpaka mita izifika pakati pa -12 ndi -6 dB. Pakamwa patalikirane ndi maikolofoni masentimita 15 mpaka 20, pafupifupi chikhatho chimodzi chotambasula. Mpweya wa zilembo monga "p", "ph" ndi "b" umagunda maikolofoni ngati chibakera. Sokosi yopyapyala yokungidwa pa waya wozungulira, yoikidwa pakati pa pakamwa ndi maikolofoni, imautchinga.

Ngati mawu osakhudzidwa ali bwino koma akusweka ma effect akayatsidwa, ndiye kuti EQ kapena compressor yawakweza mopyola. Atsitse potulukira pa effect imeneyo mpaka mawu azimveka mofanana ikayaka ndi ikazima. Maikolofoni ya mtundu wa condenser ikakhala chete kapena ikamveka patali, ayang'ane batani la 48V pa kabokosi kolumikizira maikolofoni ku kompyuta, kotchedwa audio interface, chifukwa maikolofoni yotere siigwira popanda mphamvu imeneyo.

Kulira kwa magetsi

Magetsi a EDM, monganso a ESCOM ku Malawi, amayenda pa 50 Hz, ndiye kuti amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi. Akalowerera mu waya wa maikolofoni amamveka ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, ndipo kulirako kumabweranso pa 100 ndi 150 Hz. Kuyesa kwake n'kosavuta: azule chaja, laputopu iyende pa batire. Kulira kukasiya, gwero ndi chaja kapena magetsi, ndipo njira yachidule ndi kutchajiratu n'kujambula pa batire.

M'midzi yodalira sola vutoli limakula chifukwa ma inverter otchipa, olembedwa modified sine wave, amatulutsa magetsi okhakhala amene amalira kwambiri m'zipangizo za mawu. Olembedwa pure sine wave alibe vuto lotere koma ndi okwera mtengo. Jenereta ikhale kutali ndi chipinda. Waya wa maikolofoni usagone limodzi ndi waya wa magetsi, ndipo waya wa mapini atatu wa XLR umakana phokoso kuposa wa kajeki kakang'ono. Foni yoyandikira imalowetsa kaphokoso kodukizadukiza ikamafuna netiweki, makamaka m'malire m'mene imalumphalumpha pakati pa Movitel kapena Vodacom ndi Airtel kapena TNM; mafoni onse azimitsidwe kapena aikidwe pa ndege. Pini ya earth pa pulagi isadulidwe pofuna kuthetsa kulira, chifukwa ndiyo imateteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi.

Ngati nyimbo yajambulidwa kale, Notch Filter yoikidwa pa 50 Hz, kenako pa 100 ndi 150, imachepetsa kulirako. Pa mawu a munthu, High-Pass Filter ya pa 80 Hz imachotsa zambiri za pansi popanda kuononga liwu.

Mawu akumveka ngati a m'madzi

Ichi ndi chizindikiro cha Noise Reduction yopyola muyeso. Mu Audacity effect imeneyi ili ndi masitepe awiri. Poyamba munthu amasankha kachigawo kamene muli phokoso lokhalokha, popanda woimba, n'kudina Get Noise Profile. Kenako amasankha track yonse n'kuchotsa phokosolo. Akalakwitsa n'kusankha kachigawo kamene muli mpweya kapena liwu la woimba, pulogalamu imayesa liwulo ndi phokoso n'kuyamba kulidya. N'chifukwa chake ndi nzeru kusiya masekondi asanu a chete kumayambiriro kwa kujambula kulikonse. Kuchotsa 6 mpaka 12 dB n'kokwanira. Kaphokoso kotsala pang'ono kamabisika zida zikalowa, koma liwu lodyedwa silibisika.

Noise Reduction imatha phokoso losasintha lokha, monga la fani ya laputopu. Tambala, njinga yamoto, chigayo, mwana wolira ndi mvula ya pa malata siingazichotse. Mankhwala a zimenezi ndi kusankha nthawi: usiku chigayo chitatseka, kapena miyezi ya chilimwe mvula itatha ndi zokolola zitalowa.

Reverb yameza mawu

Chipinda cha simenti ndi malata, chopanda katundu, chili kale ndi reverb yakeyake, ndipo ndi yoipa. Munthu akaomba m'manja kamodzi n'kumva kulira kotsalira, maikolofoni idzakujambulanso. Kuika reverb ya mu kompyuta pamwamba pake kuli ngati kuthira madzi m'phala lomwe ndi lamadzi kale. Mabulangete okolekedwa kumbuyo ndi m'mbali mwa woimba, matiresi oimikidwa kukhoma ndi mphasa pansi zimathandiza kwambiri. Chipinda chosungira matumba a chimanga chimajambulitsa bwino kuposa pabalaza popanda kanthu, ndipo nyumba yofolera udzu imaposa ya malata.

Poika reverb, batani la Dry ndi la mawu enieni, la Wet ndi la mawu obwerera. Wet ikakula woimba amamveka ngati ali kuseri kwa phiri. Poyambira pabwino ndi Decay ya sekondi imodzi kapena ziwiri, ndi Wet yokwezedwa mpaka iyambe kumveka kenako n'kubwezedwa pang'ono. Besi ndi ng'oma yaikulu zisapatsidwe reverb. Kwaya yojambulidwa m'tchalitchi siifunanso reverb ina, popeza nyumbayo yapereka kale. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: nyimbo ya uthenga, kaya wa Mulungu, wa ulimi kapena wa katemera, yalephera ngati mawu ake sakumveka.

Delay ikusemphana ndi ng'oma

Delay imakoma ikamabwereza motsatira kugunda kwa nyimbo. Ma plugin ambiri ali ndi batani la Sync lochita zimenezi lokha, bola tempo ya pulojekiti ikhale yofanana ndi ya nyimbo. Popanda batanilo pali masamu ake. Sekondi imodzi ili ndi ma millisecond 1,000, choncho 60,000 ikagawidwa ndi tempo imapereka kutalika kwa kugunda kumodzi. Nyimbo ya 120 BPM imafuna 500 ms, kapena theka lake 250. Ya 100 BPM imafuna 600 kapena 300. Mawu akamabwerezabwereza osaleka mpaka kusanduka mluzu, batani la Feedback lakwera kwambiri.

Woimba akudzimva mochedwa, kapena nyimbo ikudodoma

Kompyuta imasonkhanitsa mawu m'timagulu isanawatulutse, ndipo kukula kwa kagulu kumatchedwa buffer. Pa 44,100 Hz, buffer ya 256 imachedwetsa mawu pafupifupi 6 ms, ya 512 pafupifupi 12 ms, ya 2,048 pafupifupi 46 ms, ndipo kuchedwaku kumachitika polowa ndi potuluka pomwe. Buffer ikakula woimba amadzimva m'mbuyo ngati wina akumuyeseza, n'kuyamba kuphonya ng'oma. Ikachepa kwambiri laputopu yofooka imalephera kupirira, nyimbo n'kumathetheka ndi kudodoma.

Yankho ndi kusiyanitsa nthawi ziwiri. Pojambula, buffer ikhale 128 kapena 256, ma effect olemera atazimitsidwa. Posakaniza, ikwezedwe kufika 1,024 kapena kuposa, poti apo kuchedwa sikuvuta munthu. Pa Windows asankhe driver ya ASIO yobwera ndi audio interface, kapena ASIO4ALL yaulere. Interface ikakhala ndi batani la Direct Monitor, woimba amadzimva mosadutsa mu kompyuta ndipo kuchedwa kumatheratu. Mahedifoni a Bluetooth amachedwa mwachibadwa, sayenera pojambula. Masipika azimitsidwe maikolofoni ikatsegulidwa; kupanda kutero chida chimalowanso mu track ya mawu, kapena pamabuka mluzu woboola m'khutu.

Auto-Tune ikupotoza mawu

Auto-Tune inatulutsidwa ndi kampani ya Antares mu 1997, ndipo anaipanga ndi Andy Hildebrand. Pali inanso yaulere yogwira ntchito yofanana, monga GSnap ndi MAutoPitch. Yonse imafuna kuuzidwa kiyi ya nyimbo. Nyimbo ya mu G ikapatsidwa kiyi ya C, noti zina zimakokeredwa kolakwika ndipo woimba waluso amamveka ngati wosadziwa. Retune Speed ikakhala pa 0 liwu limamveka ngati la makina. Ikakwezedwa limabwerera ku umunthu. Effect imeneyi imagwira liwu limodzi pa nthawi, choncho siiyenera kwaya yojambulidwa pamodzi, ndipo iikidwe patsogolo pa reverb ndi delay.

Pali chinanso chokhudza dera lino. Mapulogalamuwa amayembekeza kuti zida zachunidwa mofanana ndi kiyibodi, pamene noti ya A ili pa 440 Hz. Banjo kapena gitala yopanga pamanja imachunidwa ndi khutu, ndipo nyimbo za ngoma ya Angoni, za chintali kapena za Gule Wamkulu zili ndi kakwezedwe ndi katsitsidwe kake kosatsata kiyibodi. Auto-Tune ikaikidwa pa nyimbo zotere imawongola chimene sichinapindike, n'kuchotsa chomwe chimazikometsa.

Nyimbo yathamanga kapena yazolika

Nyimbo za pa CD zimajambulidwa pa 44,100 Hz, pamene mavidiyo ambiri amakhala pa 48,000 Hz. Mawu a pa 44,100 akaseweredwa ngati a pa 48,000 amathamanga ndi pafupifupi 9 pa 100 alionse: nyimbo ya mphindi 4 imatha pa mphindi 3 ndi masekondi 40, ndipo bambo amamveka ngati mnyamata. Zikatembenuka, nyimbo imazolika ndi kulemera. Nambalayi ikhale imodzi mu pulojekiti, pa interface ndi mu Windows, ndipo isankhidwe kujambula kusanayambe.

Kasanjidwe ka EQ ndi compressor

Mawu amadutsa ma effect motsatana kuchokera pamwamba kupita pansi, ndiye kasanjidwe kali ndi kanthu. Kozolowereka ndi aka: kuchotsa phokoso, kukonza noti, EQ, compressor, kenako delay ndi reverb. Pa EQ, kuchotsa kumaposa kuwonjezera. Mawu omveka ngati ali mu mtsuko amamasuka potsitsa pang'ono pakati pa 200 ndi 400 Hz. Zilembo "s", "ts" ndi "ch" zikamalasa m'khutu, vuto lili pakati pa 5,000 ndi 8,000 Hz. Compressor iyambire pa Ratio ya 3:1, Threshold n'kutsitsidwa mpaka mita isonyeze kuti ikudula 3 mpaka 6 dB pa malo ofuula. Ikapanikizidwa kwambiri imadzutsa phokoso la chipinda ndi mpweya wa woimba, nyimbo n'kumapuma ngati munthu wokwera chitunda. Pa Master pakhale Limiter yoikidwa pa -1 dB.

Woweruza ndi wayilesi yaing'ono

Anthu ambiri a kumudzi amamvera nyimbo pa kawayilesi ka mabatire kapena pa foni, zokhala ndi sipika imodzi. Nyimbo imene m'mahedifoni ikumveka yotambasuka ingathe kutaya liwu kapena kiyibodi pa sipika imodzi, chifukwa mbali ya kumanzere ndi ya kumanja zikaphatikizidwa zina zimafafanizana. Zimachitika kwambiri ndi ma effect otambasula stereo, komanso pojambula kwaya ndi maikolofoni awiri oyandikana molakwika. Pa kwaya, mtunda wa pakati pa maikolofoni awiri ukhale wosachepera katatu mtunda wa pakati pa maikolofoni ndi oimba ake. Asanamalize, wojambula aike Master pa mono n'kumvetsera. Liwu lotsogolera, besi ndi ng'oma yaikulu zikhale pakati. Kenako aiyese pa foni ndi pa kasipika ka pamsika, ndipo aitane munthu amene sanaimvepo kuti abwereze mawu a vesi loyamba. Akalephera, reverb itsike ndipo liwu likwere.

Kusunga ndi kutumiza

Save imasunga pulojekiti, Export ndiyo imatulutsa nyimbo yoti ena amvere. FL Studio yoyeserera imalola kusunga ndi kutulutsa nyimbo koma siitsegulanso pulojekiti yosungidwa mpaka itagulidwa, choncho woigwiritsa atulutse track iliyonse payokha asanatseke. Audacity yakale inkasunga fayilo ya .aup pamodzi ndi foda yake ya _data, ndipo kusamutsa imodzi yokha kumataya mawu. Kuyambira pa 3.0 ya mu 2021 zonse zili mu fayilo imodzi ya .aup3. Potulutsa asiye masekondi angapo kumapeto kuti mchira wa reverb usadukire panjira.

WAV imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi ndipo ndiyo yoyenera kusungidwa ngati mbewu. MP3 ya 320 kbps imadya 2.4 MB pa mphindi, ya 128 kbps pafupifupi 1 MB. MP3 ikatsegulidwa n'kutulutsidwanso ngati MP3 imataya ubwino ulendo uliwonse, ndiye kope latsopano lililonse lichokere ku WAV. Pa WhatsApp nyimbo itumizidwe ngati Document, kapena Documento pa foni ya Chipwitikizi, kuti ifike momwe inatulukira. Dzina la fayilo likhale ndi dzina la woimba ndi mutu wa nyimbo, ndipo ndi bwino kufunsiratu ku wayilesi mtundu wa fayilo umene amalandira. Kope lina likhale pa flash kapena pa memori khadi yosungidwa m'nyumba ina, poti magetsi akathima mwadzidzidzi kapena laputopu ikafa, kwaya ya anthu 30 siisonkhananso msanga nyengo ya kupalira ikafika.